Chigayo Chobweza Zaka

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba ndili pabenchi panga pano pa boda, dzuwa lili paliwombo, ogula kulibe. Mathiraki andanda kudikira mapepala, madalaivala agona pansi pa magalimoto awo, ndipo iwe uli kwa mnzako akukuluka tsitsi lopitira ku koleji ya unamwino. Mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe. Ndikudziwiratu mmene zidzakhalire pa siteji: azakhali ako adzalira, bambo ako adzakangana ndi kondakitala pa nkhani ya sutikesi, ine ndidzangoti "uyende bwino" ngati ukupita kukagula mchere. Anthu akachuluka pakamwa panga pamalemera. N'chifukwa chake ndang'amba mapepala awa m'kope la mng'ono wako. Usamuuze.

Sabata yatha unandipatsa buku lako la makatuni, lija wakhala ukujambula chilembereni mayeso a Fomu 4. Unati, "Amayi, muwerenge mundiuze chilungamo. Musandinyengerere ayi." Utatero unathawira kudimba ngati wandisiyira njoka m'manja. Ndaliwerenga, ndabwerezanso, ndipo lero ndabwera nalo kuno m'thumba la zitenje. Chilungamo wachipempha wekha, ndiye uchilandire.

Ndiyambe ndi zabwino, poti zilipo zambiri. Dzanja uli nalo, mwanawe, ndipo sindikudziwa unalitenga kuti, chifukwa bambo ako akajambula nkhuku imaoneka ngati ketulo. Nanga chigayo chija! Zione, mtsikana wa m'buku lakoyo, akupeza chigayo chakale cha dizilo chitasiyidwa kuseri kwa magolosale. Akuchiliza mopukusa chogwirira chobwerera m'mbuyo. Akuthiramo ufa, kunsi kukutuluka chimanga. Akuthiramo phulusa, kukutuluka nkhuni. Kenaka akukwera yekha pamwamba pa chigayocho, GUGUGUGU wa zilembo zazikulu tsamba lonse, n'kukatsika zaka makumi awiri zapitazo. Nzeru imeneyo ndi yako, sunabe kwa munthu. Mbuzi zako nazo n'zamoyo. Ija yoima pachulu ndikuidziwa, ndi ya anansi athu aNangondo, yosamva ija.

Pa tsamba la ufa ndinaseka mpaka amake Mariamu, ogulitsa nthochi pambali pangapa, anasuzumira. Nditawalongosolera anati, "Chigayo chimenecho chili kuti, asisi? Ine ndikathiremo abambo akunyumba, atuluke ali ndi mano onse." Dalaivala wina wa ku Zambia amene amagula mtedza anamva, naye n'kuponyapo lake: "Amai, iyo mashini ikafika pa boda izafuna mapepa. Sizapita cabe." Ndiye usadandaule, buku lako laseketsa anthu a mayiko awiri. Ine funso langa linali la dizilo. Zione ananyamuka ndi kachigubu kamodzi, wapita, wazungulira, wabwerako, chigubu chikadali chodzaza. Amene anakhalapo pamzere wa kuchigayo mafuta atatha sangakhulupirire zimenezo. Pakati pa buku pakutalikanso, masamba ambiri Zione akungothamanga. Munthu amatopa, mupumitseko adye kanthu.

Zimenezo n'zazing'ono. Buku lako lanyamula chinthu china chimene sindingakulole kukwera nacho minibasi. Zione akubwerera m'mbuyo kukapeza mtsikana wa Fomu 2 dzina lake Elina, tsiku limene Elinayo akanakumana ndi mnyamata wa njinga panjira ya kumsika. Akumugwira dzanja n'kumudutsitsa njira ina kuti awiriwo asaonane, Elina asatenge mimba, amalize sukulu akhale namwino. Ndipo Elinayo ndi mayi wake wa Zione. Tamanda, ine sukulu ndinalekezera panjira koma maso ndili nawo. Elina ali ndi kampata ka m'mano ngati kanga, ali ndi chipsera cha khasu pamwendo wakumanzere. Ine ndine Elube, iwe wangosintha mchira wa dzina, ngati munthu wobisala kuseri kwa phesi limodzi. Ukuganiza kuti kubadwa kwako ndiko kunandionongera moyo. Imeneyo ndiyo nkhani yathu, koma ndifikako pang'onopang'ono monga umandidziwira.

Cholakwika choyamba ndi mitundu. Masamba a masiku ano wawapaka makrayoni, zitenje zowala, thambo la buluu. Zione akangofika kale, zonse ndi pensulo yakuda, anthu nkhope zakugwa ngati akuchokera kumanda. Mwanawe, unamva kwa ndani kuti kale kunalibe mitundu? Mango ankapsa achikasu ngati lero lomwe. Ine ndinali ndi diresi lofiira la maluwa limene azakhali anga anandigulira ku Chipata. Ndinkalivala Lamlungu ndi tsiku la chimtali basi, ndipo ndikalowa nalo m'bwalo anyamata oonerera ankaiwala kutseka pakamwa. Njala inalipo, nsapato zinali zosowa, koma tinkaseka mpaka kugwirana mapewa. M'buku lako lonse mulibe munthu wakale ngakhale mmodzi woseka, kupatula mnyamata wa njinga, amene ndimunena posachedwa. Umve, Tamanda. Ukakakhala m'tauni miyezi ingapo n'kubwera kuno kwa Mlonyeni pa holide, usadzatione ndi pensulo yakudayo. Odwala amene uzikawasamalira nawonso usakawaone choncho. Mayi wogona pa bedi la chipatala nayenso anavinapo, ukamufunsa adzakuuza.

Chachiwiri n'chachikulu. Zione akutsika pachigayo n'kulowa pabwalo la eni ake osanena odi. Ndinabwerera masamba kufunafuna, kuti mwina ndadumpha. Palibe odi, palibe moni, palibe kugwadira akuluakulu amene wawajambula atakhala pamkeka. Akungofika n'kumugwira Elina pamkono, "Tiye uku!" Kodi mwana ameneyu analeredwa ndi ndani? Ndiye mpaka buku kutha sanamufunse Elina ngakhale kamodzi kuti iwe ukufuna chiyani. Zakale za munthu ndi pakhomo pa eni, Tamanda. Umaima kaye kumpanda, n'kuodira, n'kudikira akuyankhe.

Ndikuuze zimene ndinachita ine kwa aNangondo, iwe uli kumsana. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho, iwo n'kugwidwa ndi malungo, nyumba yonse zinthu zili mbwee. Ine ndi mtima wanga wabwinowu ndinalowa m'mawa iwo ali m'tulo, ndinasesa, ndinatolera zovala zonse n'kupita nazo kudambo. Kuseri kwa chitseko kunali jekete lakale la malemuwo, lakuda ndi thukuta, lonunkha fodya wa m'shedi. Ndinalipaka sopo wambiri, kulimenyetsa pamwala mpaka linayera, uku ndikudzitama mumtima kuti mayiwa andidalitsa lero. Madzulo ndinabweretsa zonse zopindapinda. ANangondo anatenga jeketelo, analinunkhiza. Kenaka anati, "Amake Tamanda, mwagwira ntchito, zikomo. Koma fungo la abambo linatsala m'menemu." Sanandikalipire. Anangolipachika pamsomali paja, ndipo sindinawaonenso akulikhudza. Mpaka lero ndikaona chitseko chimenecho ndimamva manyazi. Ndikanangowadzutsa n'kufunsa kuti ndichape ziti, basi.

Iwe ukupita kukaphunzira ntchito yogwira anthu m'thupi. Akakuphunzitsa jakisoni, mabandeji ndi mayina a mankhwala otalika ngati msewu wa ku Lusaka, ndipo zimenezo uzikazidziwa kuposa wodwala. Koma usanamuvule munthu nsalu, odi. Usanadule kachingwe kamene agogo amanga m'chiuno mwa khanda, funsa, ulongosole chifukwa chake. Usanamumvere chisoni mayi wa ana ambiri kuti moyo wake unatayika, uyambe wamva ngati mwiniwakeyo akuona choncho. Safunsa anadya phula. Ngakhale mnzako wa m'chipinda ku hositelo, usamukonzere katundu wake iye kulibe, ati poti wakomera mtima.

Tsopano za mnyamata wa njinga. Wamujambula ndi chipewa chopindika, mano akuluakulu, maso ngati a fisi woona khola lotsegula. Bukuli ndinalisiya patebulo Lachitatu, ndipo bambo ako analitsegula akudikira madzi osamba. Ndinawaona akufika pa tsamba limenelo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Njinga yanga inalibe belu." Basi. Anatseka buku, ananyamula keni n'kupita kukathirira nazale ya fodya imene anali atathirira kale, madzi osamba n'kuzizira kubafa. Bambo ako salankhula zambiri, umawadziwa, koma zinawalasa. Nthawi imene ndinatenga mimba yako anali mnyamata chabe, wamantha kuposa ine. Anzawo anawauza kuti awolokere ku Zambia kwa amalume awo mpaka nkhani izizire, poti njira zodutsa m'minda aliyense kuno amazidziwa. Iwo anabwera kwathu ndi ankhoswe, atavala malaya obwereka. Agogo ako aamuna anawasiya chigwadire padzuwa mpaka mthunzi wa mango unawapeza wokha. Sanathawe, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanathawepo. Mawa akamakangana ndi kondakitala udziwe kuti ndiko kulira kwawo. Uwatsanzike bwino, uwagwire dzanja ndi manja awiri.

Kumene unazitenga zonsezi ndikukudziwa, ndi pakamwa panga pomwepa. Tikamaswa mtedza pakhonde, msana ukandiwawa, ndinkati, "Ha, ndikanapitiriza sukulu bwenzi pano ndili namwino, nditavala zoyera." Mvula ikandinyowetsa pabenchi pano, nyimbo yomweyo. Kwa ine anali mawu ongopumira, ngati mmene munthu amanenera "mayo ine" podzuka pamkeka. Ndinkawataya ngati makoko a mtedza, osadziwa kuti kamwana kokhala pambali panga kakutola limodzilimodzi n'kumasunga. Iwe ukadzakhala ndi ana, kapena ukakaikidwa ku wodi ya ana a eni, uzisamala zodandaula pamaso pawo. Mwana sadziwa kuti wamkulu akungopuma. Amamva, n'kuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Chigayo chakocho ine ndinakwerapo kale, mwina sukukumbuka bwino poti unali wamng'ono, Sitandade 3. Ndinalembetsa sukulu ya masana ija pa sekondale ya kwathu kuno, kuyambiranso Fomu 2 pomwe ndinasiyira. Ndinasoketsa siketi ya buluu, ndinagula kachikwama ka kumsana, ndinameta tsitsi ngati mtsikana. Ndinkafuna kukhalanso Elube wa zaka zija. Tsiku loyamba mawondo anakana kulowa pansi pa desiki. Aphunzitsi atalowa ndinapeza kuti ndi kamnyamata kamene kanali kumbuyo kwanga ku pulayimale, kamene ndinkakapukuta mamina. Atandiona anayamba chibwibwi, "Amake Tamanda, mu... mukhale kutsogolo kuno, pali mpando." Ana a m'kalasi ankanditcha anti, ndipo ndikalowa phokoso linkatha ngati kwalowa ahedi. Masamu ndinawakonda, ndi amene amandithandiza mpaka lero osintha ndalama a pa boda akafuna kundizunguza mutu. Koma tsiku lina akuphunzitsa za ziwalo za chule, ndinapeza kuti maganizo anga onse ali pa zitenje zatsopano zimene zinafika ku Chipata, ndi pa iwe, ngati wadya pochokera kusukulu. Mtsikana amene ndinapita kukamufuna m'kalasimo sindinamupezemo. Ndinamaliza teremu, siketi ndinapatsa mwana wa achemwali, ndinabwerera pabenchi panga mtima uli m'malo. Ulendo umenewo palibe anandichotsa, ndinachoka ndekha. Pakamwa pokha ndi pamene sipanasiye "ndikanapitiriza" wake, poti chinali chizolowezi.

Sindikunamiza, poti wapempha chilungamo. Zione akanafika mwezi umene ndinazindikira kuti ndili ndi pakati, n'kuodira bwinobwino, n'kundifunsa, ndikanakwera chigayocho osacheuka. Ndinalira, ndinaopa, yunifolomu ndinaibisa pansi pa mphasa kuti ndisamaione. Anzanga akamadutsa m'mawa ndi makope ndinkalowa m'nyumba. Zinali zowawa, ndipo sindikufuna kuti iwe udzadutsemo. Ndiye usatenge kalatayi ngati chilolezo, wamva? Anyamata a ku Lilongwe alibe njinga, ali ndi magalimoto obwereka ndi pakamwa pa shuga. Buku patsogolo, zinazo zidzakupeza.

Koma mtsikana wolira uja ankadziwa mbali imodzi yokha ya nkhani. Iwe sanakuone. Sanaone kakhanda kobadwa ndi tsitsi lambiri kamene kanayetsemula anamwino n'kuseka onse. Sanaone kamtsikana kojambula mbuzi ndi khala pakhoma limene ndinali nditangozira, n'kukana kuti si iko manja ali bii. Sanakumve ukuwerengera agogo ako Baibulo maso awo atafooka, ukudumpha mayina ovuta n'kuikapo ako. Sanaone bambo ako akuzungulira mudzi wonse ndi foni m'manja tsiku limene dzina lako linatuluka pa mndandanda wa opita ku koleji, kuonetsa ngakhale anthu osadziwa kuwerenga. Ine ndaona mbali zonse ziwiri, ndiye woyenera kufunsidwa ndine, osati iye. Abwere munthu lero, andipeze ndi imvi zayambazi ndi msana wowawawu, anene kuti Elube, nali diresi loyera, nachi chipatala, tipatse Tamanda. Ndingazule mtengo wa benchi n'kumuthamangitsa mpaka ku Mwami, kutsidya kwa boda.

N'chifukwa chake ndikukupempha, usakaphunzire m'malo mwanga. Ngati unamwino ukuufuna iwe mwini, uugwire ndi manja awiri, ndipo tsiku la satifiketi ndidzavina mpaka chitenje kumasuka. Koma ngati ukupita kuti ukandibwezere zimene ukuganiza kuti unandilanda, ukatopa msanga, chifukwa sunandilande kanthu. Ukakaona pakati pa chaka kuti mtima uli kwina, usakabise. Undiimbire, tidzakhala pansi ndi bambo ako, tidzamva. Ndipo kujambula usasiye. Ndakuikira makrayoni atsopano m'thumba la pambali la sutikesi, pamodzi ndi mtedza wokazinga ndi chitenje cha kutchalitchi. Uzikajambula za kumeneko, aphunzitsi ako, minibasi za m'tauni, n'kumatitumizira pa foni kuti amake Mariamu aziseka. Uzidya m'mawa, ndikudziwa umazemba. Uzipemphera. Lamlungu uziimbira bambo ako pa foni yawo, osangodutsira kwa ine kuti "muwapatse moni". Sadzalankhula zambiri, adzakufunsa ngati kumeneko mvula yagwa, koma uziimba ndithu.

Latsala tsamba lomaliza, limene landilembetsa zonsezi. Elina wavala zoyera, ali m'chipatala, akumwetulira wodwala. Zione waima panja akumuyang'anira pawindo. Poti Elina sanakumane ndi mnyamata wa njinga, Zione sanabadwe, ndiye wayamba kuzimirira. Wamujambula ndi timizere tofooka, todukaduka. Miyendo yatha kale, ndipo pachifuwa pake pakuonekera mtengo umene uli kumbuyo kwake. Ndipo akumwetulira, Tamanda. Pamwamba pa mutu wake walemba kuti, "Tsopano ali bwino." Monga wowerenga ndikuti tsamba limeneli walijambula mwaluso kuposa onse. Monga mayi ako ndikuti ndi bodza. Tsiku limene ndinafika pamenepo ndinasiyira amake Mariamu benchi, ndinakakhala kuseri kwa kontena n'kulira ngati kwagwa maliro. Chinandiliza n'chakuti mwana wanga, amene ndinayenda naye kumsana pa dzuwa ndi pa mvula, wakhala miyezi yonseyi m'nyumba mwanga momwe akudzifufuta ndi labala, n'kumaganiza kuti akundipatsa mphatso.

Ndiye ndachita chinthu, ndipo ukwiya. Ndatenga bolopeni imene ndikulembera ino n'kudutsa pa timizere tonse ta Zione, mokanikiza, mobwerezabwereza, mpaka pepala latsala pang'ono kubooka. Ndamubwezera miyendo. Wina watalika kuposa unzake ndipo mapazi akuoneka ngati mbatata, koma waima pansi. Chifuwa ndachidetsa chonse kuti mtengo uja usaonekerenso. Mawu a pamwamba pa mutu ndawakhwatcha. Chithunzi chako chokongola ndachiononga, ndikudziwa, ndipo sindikupepesa. Bukulo ukalipeza pansi pa zovala m'sutikesi. Ukakalitsegula ku hositelo ukwiye mmene ungathere, undiimbire undidandaulire mpaka mayunitsi athe. Koma labala usavutike naye, mwana wanga. Bolopeni sifufutika, ndayesa kale.

Ndine amene ndinakubala, ndipo ndingakubalenso,

mayi ako,
Elube